Zaperewera 7,351

Lachisanu, 9 Novembala

Ndamaliza kuwerenga. Masiku asanu patebulo, msana ngati wathyoka, mphuno yodzaza fumbi la thonje. Zingwe za nyali zonse m'mabokosi atatu a mkazi wanga Syamala: 117,649.

Osati 125,000 monga iye akukhulupirira.

Sindinachite kukonzekera. A Sastri, wansembe wa pakachisi, anati ndigule mafuta a chitowe oviikamo zingwezo, ndiye ndinafuna kudziwa malita angati. Ndinamasula kamtolo kamodzi. Munayenera kukhala 100. Munali 91. Kachiwiri 88. Zikafika pamenepo munthu ngati ine sasiya. Kalikonse ndamanganso monga kanalili.

Zaka zisanu ndi chimodzi mkazi wanga akupota zingwezi, chiyambire pamene madokotala anang'amba chifuwa changa kukonza mtima. Anawinda: ndikachira, adzapota ndi manja ake lakhi imodzi ndi kota, ndiye kuti 125,000, n'kuzitentha zonse pakachisi mwezi wopatulika wa Kartika ukakhala wathunthu. Ine ndimati anandichiritsa ndi dokotala wamfupi uja wa ku Hyderabad. Iye amati, "Nanga dokotalayo manja anamugwirira ndani?"

Akamanga kamtolo, njere imodzi ya bwemba m'chitini. Akuti njere zinakwana 1,250 mwezi watha.

Koma nambalayi! 125,000 ndi 50 × 50 × 50, izo aliyense angaone. 117,649 ndi 49 × 49 × 49. Khomo loyandikana nalo ndendende. Ndiponso 343 × 343. Ukaiphwanya mpaka pansi mulibe china koma 7, kasanu ndi kamodzi. Zaka 34 ndikuphunzitsa masamu pakoleji, dziko silinandiponyerepo mphatso yotere. Ndaseka ndekha m'nyumba yopanda munthu.

Syamala abwera mawa. Ali ku Vijayawada kwa mwana wathu Hyma, kukatenga zotsatira za kuchipatala.

Loweruka, 10 Novembala

Chotupa cha m'bere la Syamala si chabwino. Opaleshoni pa 26, Lolemba. Dokotala wanenetsa: usathe mwezi uno. Syamala wavomera tsikulo chifukwa mwezi wathunthu ndi pa 23. Atenthe kaye zingwe zake, mpeni pambuyo.

Izi ndazimva masana. Madzulo, pa khofi, ndamuuza za nambala.

Chifukwa chake ndachifunafuna. Tinali pakhonde. Amuna ena akanamugwira dzanja. Ine ndinaganiza zomuseketsa, ndipo munthu amapereka chomwe ali nacho. Ndinali ndi 49 × 49 × 49.

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mwamasula timitolo tanga?" Kenako, "Zaperewera zingati, Aphunzitsi?" Amanditcha Aphunzitsi pokhapokha akafuna kundibaya.

7,351. Ndinayankha msanga. Ndinali nditachotsera kale.

"Ndiye pa 23 sinditentha. Chowinda chodula mchira sindipereka. Ndikapanda kumaliza, Kartika abweranso chaka chamawa. Mpeniwo udikire."

Sanadye. Watulutsa dengu la thonje, wayamba kuchotsa njere.

Lamlungu, 11 Novembala

7,351 ndi yosagawika. Ndayesa zonse zoyenera kuyesa, kuyambira 2 mpaka 83, palibe yolowamo ndendende. Masiku otsala khumi ndi awiri: 612 patsiku, zotsala 7.

Zala zake ndi za nyamakazi. Lero, chitulukire dzuwa mpaka kulowa, 340. Chala chachikulu chatupa ngati nthochi.

Ndinapita kwa a Sastri. Anaseka mpaka kutsamwa. "A Sitapati, chowinda chenicheni ndi lakhi. Kotayo timawonjezera kuti zothothoka, zopoteka moipa, zowerengedwa molakwika, zonse zikwiririke mmenemo. N'chifukwa chake palibe amene amabwereza kuwerenga. Ndakalambira pakachisi pano, munthu woyamba kumasula timitolo ta mkazi wake ndinu."

Ndinabwerera chothamanga, mtima wosokedwawu uli phaphapha. 117,649 yapitirira lakhi ndi 17,649. Nkhani yatha, ndinatero.

Syamala sanatukule mutu. "Kotayo ndi ya zolakwa zimene munthu sakuzidziwa. Zimenezo amakhululuka Mwini wake. Zimene ndikuzidziwa ndi zanga."

Ndayang'ana mfundoyi mbali zonse, monga ndinkachitira ndi mayankho a ana a sukulu. Ilibe bowo. Lachisanu m'mawa chowinda chinali chokwana. Chinaperewera pamene ine ndinatsegula pakamwa.

Lachiwiri, 13 Novembala

Achemwali anga a Bhramaramba abwera osaitanidwa, ndi ambulera yawo ndi thumba la kumsika. Asanavule n'komwe nsapato: "Iwe Sitapati, mutu wakowu unadzaza masamu mpaka nzeru zinasowa pokhala. Uli mwana unkawerenga nyerere, tinkati udzasiya."

M'thumbamo zingwe za makina, zoyera mbee, zofanana ngati asilikali. Zikwi khumi, marupi 450. "Mlamu, Mulungu sayang'ana fakitale. Akazi onse a mumsewu muno amagula." Syamala anathokoza bwinobwino, anawapatsa khofi, n'kuti, "Ndinati ndi manja anga, Alamu. Sindinati ndi chikwama chanu." Marupi 450 ndawabwezera ine.

Hyma pa foni. Mawu ozizira kuposa a dokotala. "Ababa, zingwe mwawerenga. Nanga mapiritsi a Amayi ndi angati patsiku?" Sindinadziwe. Ndi anayi. Ndayang'ana pa shelefu.

Anati ndiwauze kuti ndinalakwitsa powerenga. Ndayesa. Ndinakonza bwino: bokosi limodzi ndinalilemba kamodzi pomwe ndinayenera... Syamala sanandilole kumaliza. "Mukamanama mumayang'ana fani ya kudenga. Chikwatirane. Khalani pansi, mungagwe."

Lero 260.

Lachinayi, 15 Novembala

Magazi pa thonje. Khungu la chala lang'ambika. Chingwe chilichonse chokhudzidwa ndi magazi akutaya, akuti chadetsedwa. Lero 190. Zonse pamodzi 1,320. Zotsala 6,031, ndiye kuti 37 × 163. Kuphwanyako sikuthandiza munthu aliyense, koma dzanja limangolemba.

Achipatala akufuna chikole pofika pa 24. Penshoni ilowa pa 1. Ndipita kubanki kukatapa ndalama zomwe tinasungitsa nthawi yake isanakwane, chiwongoladzanja chipite. Ngati iye apite n'komwe.

Chinthu chimene ndinachiona powerenga koma osachiganizira. Bokosi loyamba, la zaka zoyamba: 100, 100, 101, 100. Timitolo tolimba ngati ndudu. Lachiwiri: 97, 98, 95. Lachitatu: 88, 84, kena 79, zingwe zolendewera. Kutsikako kunayamba zaka ziwiri zapitazo. Ndi mbiri ya zala zake ndi maso ake, yolembedwa bwino kuposa fayilo ya kuchipatala. Ine zaka ziwirizo ndinali pampando womwewu, mapazi atatu kuchokera pamkeka wake, nyuzipepala kumaso.

Ndinagwira zonsezi m'manja masiku asanu, n'kutulutsamo 49 × 49 × 49.

Kale ndinkakonda kuphunzitsa kuti nambala zimagawidwa m'magulu potengera zogawira zake: uziphatikize zonse kupatula iyo mwini. Zikapitirira, nambalayo imatchedwa yosefukira. Zikalephera kufika, yoperewera. Za 125,000 zimapanga 167,965. Yosefukira. Za 117,649 ndi zisanu ndi chimodzi zokha: 1, 7, 49, 343, 2,401, 16,807. Pamodzi 19,608. Yoperewera kwambiri.

Ndi mayina chabe a m'mabuku. Satanthauza kanthu pa nkhani ya m'nyumba muno. Ndikudziwa.

Loweruka, 17 Novembala

Dzulo 150. Supuni ikumugwa m'manja. Mpunga ndaphika ine, wapsa pansi, pamwamba wauwisi. Wadya osadandaula, chimene chandiopsa kuposa kunyoza.

A Sastri abwera okha m'mawa. Ndikuganiza kuti Achemwali anawatuma. Anakhala pakhonde n'kuyamba patali, monga ansembe amachitira: mabuku akale amati mkazi ndi theka la thupi la mwamuna wake, n'chifukwa chake mwamuna sapereka nsembe yekha. Anaima pomwepo, n'kundiyang'ana. Ndinachedwa kumva. Kenako ndinati ngati iye ali theka langa, ndiye kuti inenso ndine theka lake. Chinthu sichikhala ndi theka limodzi. Manja anga ndi manja ake. A Sastri anati, "Mwaona, Amayi, masamu nthawi zina amagwira ntchito."

Syamala: "Theka limenelo silinatsukepo ngakhale kapu yake."

Koma anakankhira dengu kwa ine ndi phazi.

Malamulo: kusamba kaye. Khofi pambuyo. Kukhala pansi, kuyang'ana kum'mawa. Chingwe chilichonse, kutchula dzina la mulungu. Pa lomalizali ndinati pakamwa panga padzanama. Syamala anandiyang'ana. "Dzinalo nditchula ine. Inu potani. Mulungu akudziwa kale kuti ndinakwatiwa ndi ndani."

Kachidutswa ka thonje, phulusa pang'ono kuzala, kukoka, kupota pa ntchafu. Zikuoneka zosavuta. Ndapota 60, wakana 41. "Iyi ndi nyongolotsi yodwala." "Iyi yatenga mimba ya Alamu." Za 19 zotsalazo anati ziyaka, ngakhale mwamanyazi. Iye 120.

Mawondo. Sindinakhale pansi chopinda miyendo chichokere maliro a Bambo.

Lolemba, 19 Novembala

Dzulo ine 520, iye 100. Lero ine 840, iye 90. Zala zaphunzira msanga kuposa mutu. Akukana chimodzi pa khumi.

Zotsala 4,192. Masiku atatu ndi m'mawa umodzi.

Ndajambula mzere wa liwiro langa. Ukapitiriza kukwera, tikwanitsa ndi zotsalako pang'ono. Ukaima pomwe uli, tiperewera pafupifupi chikwi. Phewa layamba kale kukoka. Zoona zake: zitha kukwana, zitha kusakwana, ndipo kusiyana kudzakhala kochepa.

Ndiye Lachisanu adzafunsa. Ndidzakhala ndi nambala. Ikaperewera ndi chimodzi chokha, ndidzayang'ana fani, iye adzamasula chikwama cha ulendo. Chaka chimodzi. Dokotala anauza Hyma zimene chaka chimodzi chimatanthauza. Sindilemba pano.

Ndabwereza mawu ake a Lamlungu lija kangapo. Kotayo ndi ya zolakwa zimene munthu sakuzidziwa.

Lachiwiri, 20 Novembala

Lero palibe nambala.

Pepala lowerengera ndayatsira mbaula. Timitolo sindikumanganso. Zanga, zake, zokanidwa zitabwezedwa m'thonje, zonse zolandiridwa m'dengu lalikulu la mpunga, n'kuvundula ndi dzanja. Waona. Chitini cha njere wachiika pamwamba pa kabati.

Vuto ndi mutu. Umawerenga wokha, monga mtima umagundira. Ndinadzipeza ndili pa 212. Ndinatsegula wailesi, osathandiza. Ndinayamba kuwerenga motsatira ng'oma. Pomaliza ndinati, Syamala, lankhula. Chilichonse. Ndisokoneze.

"Zaka makumi anayi mukundiuza kuti ndikukusokonezani, lero mukuchita kupempha?"

Walankhula. Pakati pa dzina la mulungu ndi dzina la mulungu. Za mphunzitsi wake wa kuimba amene ankagona ophunzira akuimba. Za tsiku limene ndinabwera kudzamuona ndi Bambo, ndipo ndinakonza kuwerengera kwa amalume ake pa nkhani ya munda, iye kuseri kwa chitseko n'kuganiza kuti, uyu ndiye adzanditopetsa. Za khonde la chipatala ku Hyderabad. Anang'amba thonje la m'pilo yomwe anabwera nayo, n'kupota chingwe choyamba pomwepo, chifukwa manja ankanjenjemera ndipo sanafune kuti Hyma aone.

Izi sindinazidziwe. Sindinafunsepo.

Ndinatayika penapake pambuyo pa mphunzitsi wogona uja. Chiyambire pamenepo sindikudziwa. Ndi kumverera kwachilendo, ngati kutsika masitepe mumdima.

Nditha kuyeza kulemera kwa dengu n'kupeza nambala yoyandikira. Sikelo ili m'khitchini. Ndapempha Achemwali aibwereke. "Ndiibwereke ya chiyani, ine ndili nayo?" Ndinati ingotengani. Anandiyang'ana, anaiika m'thumba.

Loweruka, 24 Novembala

Masiku atatu osalemba. Zala sizinkagwira cholembera.

Dzulo masana, thonje litatha m'dengu, Syamala anafunsa. "Zakwana?"

Ndinati sindikudziwa.

Anayang'ana fani, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana iye. Panalibe chovuta, chifukwa zinali zoona.

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi, mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa panu." Kenako, "Kaitaneni ngolo. Mabokosi ndi olemera, ndipo inu musanyamule, mungandiyambitsenso chowinda china."

Pakachisi anthu ngati nyerere, nyali pamasitepe onse mpaka kumtsinje. Mphika waukulu wadothi. Zingwe zonse mmenemo, mafuta a chitowe malita amene a Sastri anangoyerekeza ndi diso. Akazi a mumsewu wathu atazungulira. Hyma anafika ndi basi ya masana, anandipatsa moni ngati wa kubanki.

Zaka zonsezi Syamala ankafotokoza mmene adzayatsire. Sari, nsalu yake yobiriwira ya pachikondwerero, dzanja lamanja, iye yekha. Sari anavala. A Sastri atamupatsa kamtengo koyaka, zala zinakana kutseka. Kanagwa. Kachiwiri, kanagwanso. Masabata awiri apitawo akanakagwira. Khofi ankandipatsa ndi dzanja lomwelo. Achemwali anayamba kusuntha, iye anawaletsa ndi mutu. Anati kwa ine, osandiyang'ana, "Theka linalo, gwirani apa."

Ndinakulunga zala zake m'zanga, kamtengo pakati. Moto unakwera kupitirira mutu wa munthu. Akazi anafuula dzina la mulungu. Achemwali analira mokweza, monga amachitira pa ukwati ndi pa maliro pomwe.

Syamala analira mwakachetechete. Ndinaganiza kuti ndi chimwemwe. Pobwerera anati, "Ndinkafuna ndiyatse ndekha." Sanandinene. Ndikanakonda akanandinena.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinapsa tisanamalize kugawa nthochi kwa anthu.

Chikole ndalipira m'mawa uno. Syamala wayamba kulongedza.

Lamlungu, 25 Novembala

Ndikukoka sutikesi kuseri kwa kabati, pomwe pankakhala mabokosi. Pakona, m'fumbi ndi ulusi wa akangaude, timitolo titatu. Tolimba, ta chaka choyamba. Tinagwera kumeneko kalekale.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndinawerenga zingwe, timitolo sindinatiwerenge. Ndikanawerenga ndikanapeza 1,247, n'kudziwa kuti pali tosowa. Mwana wa sukulu ndikanamuchotsera malikisi. Ndiye kuti 117,649 sinali nambala ya zingwe za Syamala, ngakhale tsiku limodzi. Panalibe 49 × 49 × 49. Panalibe 7,351 yosagawika. Panali nambala ina wamba, yopanda nkhope, imene sindikanathamangira kuuza munthu. Ndikanaisunga, mwina. Ndikufuna kukhulupirira kuti ndikanaisunga.

Nambala yokongola kwambiri ikagwa m'manja, bwereza. Ndinkauza ana chaka ndi chaka. Ine sindinabwereze, poopa kuti ingawonongeke.

Syamala anaitana ali kuchipinda. "Mwapeza chiyani kumeneko, mwangoti zii?" Ndinati fumbi. Panali khoma pakati pathu. Sakanaona kumene ndikuyang'ana.

Ndatiika pansi pa chikwama changa, m'kati mwa thaulo. Sitima ya 2 koloko.

Lolemba, 26 Novembala

Vijayawada. Khonde la chipinda cha opaleshoni. Benchi yachitsulo, fungo la mankhwala opopera pansi.

Zibangili Syamala wapereka kwa Hyma. Mkanda waukwati anakana kuvula mpaka namwino wamkulu anabweretsa ulusi wachikasu kuti umangidwe m'malo mwake. Ndamanga ine. Mfundo zitatu, monga poyamba. Zala zatupa, yachitatu inandivuta. "Tsiku lija munachedwanso chonchi," anatero, namwino n'kuseka.

Akumukankha pa bedi la matayala, anatembenuza mutu. "Aphunzitsi. Musawerenge matailosi."

Hyma wandigulira khofi osafunsa. Waika pabenchi pakati pathu. Kenako wanditenga dzanja, waliyang'ana kunsi ndi kumwamba, matuza ndi ming'alu, n'kulibweza. Kwa lero zakwana.

Timitolo titatu tili pano pamiyendo, m'thaulo. Sindinatimasule. Mwezi wa Kartika sunathe. Pageti la chipatala pali kakachisi kakang'ono pansi pa mtengo, ndaona akazi akuyatsa nyali pobwera. Mafuta amagulitsa pomwepo. Dzina sindidziwa ngati ndidzatchule. Kuyatsa ndiyatsa. Iye sadzamva. Cholakwa ichi akhale wosachidziwa, chilowe mu kota.

Dokotala anati maola awiri kapena atatu. Wotchi ndavula, ili m'thumba la Hyma. Matailosi ndi oyera, ena osweka m'makona, ndipo kuchokera pabenchi pano kufika pachitseko alipo

Ayi.

Chitseko chatseguka. Namwino akuyang'ana uku, chophimba kukamwa chili m'manja, akufunsa a banja la...